Thirakitala ya Mbuya Wanga

Lolemba, 2 Okutobala

Mwezi womaliza wa kuyesedwa ntchito. Miyezi iwiri yapitayi ndagulitsa mapampu a madzi ndi mapulawo a ng'ombe basi. Thirakitala ngakhale imodzi ayi. Ba Sakuwaha, bwana wathu wa zogulitsa, anenetsa pamsonkhano wa m'mawa kuti pofika pa 31, woyesedwa amene sanagulitse thirakitala anyamule kachikwama kake. Amayang'ana kudenga polankhula. Koma woyesedwa pakampani pano ndatsala ndekha, ndiye amanena ndani?

Sindikuopa ayi. Ine Lombe Kasonde? Ine amene ku msika wa Chisokone ndinkagulitsa mawigi kwa azimayi a tsitsi lawolawo labwinobwino, mpaka kugula awiriawiri?

Kwabwera mzungu wa ku Joni kudzatiphunzitsa kagulitsidwe sabata yonse. Wapsa ndi dzuwa la Kitwe, wafiira ngati phwetekere. Akuti padziko pano ndalama zili m'kugulitsa. Makina a mumgodi, zipangizo za m'zipatala, nyumba, mathirakitala. Malipiro a pamwezi ndi a sopo chabe, zenizeni ndi komishoni. Akuti ntchitoyi imafuna munthu wopanda manyazi, wokonda anthu, wosafooka akakanidwa. Anzanga onse cheu, kundiyang'ana ine. Ndinaimirira n'kunyonyomala pang'ono ngati mkwatibwi. Chiseko!

Ukatsimikizidwa pantchito amakupatsa galimoto ya kampani. Ilipo ina yoyera, ya bokosi kumbuyo, yangoima pabwalo yopanda mwini. Podutsa ndinaisisita pachitseko.

Lachitatu, 4 Okutobala

Phunziro la lero landikomera. Mzungu akuti kasitomala akati ayi sanakane, akungofuna umupatse chifukwa china. Ha! Zimenezi ine ndinazidziwira ku Chisokone kalekale, koma kuzimva m'chizungu zikukoma mwina.

Chondizunguza mutu ndi Nchimunya. Mtonga wa ku Monze, wogulitsa wamkulu pakampani pano. Nyumba anamanga ku Riverside, kwa anthu olemera, ana ali kusukulu zolipira. Koma munthu wake! Ukamupatsa moni amayankha ngati mawu amachita kugula. Pa zonse zimene mzungu watchula, iye alibe n'chimodzi chomwe. Nthawi ya tiyi ndinamufunsa kuti amagulitsa bwanji ali duu chonchi. Anati, "Ndimangokhala chete mpaka munthu anene yekha zimene angakwanitse." Basi. N'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Ine kukhala chete? Ndikhoza kudwala.

Kunyumba magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Komboni yathu ya Chimwemwe yonse ili pa mbaula. Amayi akusenda mtedza wa ifisashi, ndiwo zathu zamasamba zotendera, anati, "Pakamwa pakopo pankandichititsa manyazi kutchalitchi, lero pakudyetse." Ndawalonjeza kuti Khirisimasi ino apita kwawo ku Mporokoso atakhala kutsogolo kwa galimoto, osati kupanikizana ndi matumba a kapenta m'basi.

Lachisanu, 6 Okutobala

Mulungu ndi wabwino, abale inu!

Inali nthawi yanga yolandira pakhomo. Kunalowa bambo wamkulu, chimimba kutsogolo, chipewa cha mlaza, majombo a fumbi lofiira. Akuti ndine Nyendwa, ndimalima soya ndi chimanga ku Mpongwe. Nditangomva dzinalo ndi kalankhulidwe kake ndinadziwiratu. Ndinafunsa kwawo. Petauke!

Pakamwa panatseguka pokha. Ndinati, "Aaa, a kum'mawa afika! Misampha ya mbewa sitigulitsa kuno, mukwai, pitani kumsika."

Ba Nyendwa anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kenaka anaseka mpaka chipewa kugwa. Akuti, "Iwe mwana wa odya apusi, anakulola ndani kuvala nsapato?"

Mzungu atamumasulira zimene ndinanena, anatuwa. Amayesa ndathamangitsa kasitomala. Ba Sakuwaha anachita kumukokera pambali kumufotokozera kuti ife Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi chimbuya chikhalire. Timanyozana, kunamizana, kulandana zinthu, kupakana ufa pamaliro ndi paukwati, ndipo amene wakwiya ndiye wagonja. Mzungu anangopukusa mutu n'kulemba m'kabuku kake.

Ndinawakweza ba Nyendwa pa thirakitala yathu yofiira, yaikulu. Anakhala pampando, kugwira chiwongolero, kumangochisisita. Nkhope ngati mwana amene amugulira nsapato za Khirisimasi. Anatsika mochedwa zedi. Potuluka anafuula anthu onse akumva, "Mbuya, imodzi n'chiyani? Ndigula awiri, ina izikunyamula iwe pokasaka apusi!"

Awiri! Ndawerengera komishoni yake m'minibasi mpaka ndapitirira potsikira.

Lolemba, 9 Okutobala

Ndalankhula mopitirira. Pamsonkhano ba Sakuwaha anafunsa aliyense zimene akuyembekeza mwezi uno. Nchimunya anati imodzi, mwina. Ine dzanja m'mwamba: awiri, ba Nyendwa a ku Mpongwe! Anthu m'manja phwaphwaphwa. Bwana analemba pabolodi ndi inki yofiira, LOMBE, 2.

Titatuluka Nchimunya anandifunsa chapansipansi, "Mawu a mbuya wako umawaika pabolodi?"

Zoona, mbuya akhoza kukulonjeza ng'ombe mawa n'kukupatsa nyanga zokha, iwe n'kumaseka nawo. Ndinabwerera kwa bwana kuti mwina tilembe imodzi kaye. Anati za chimbuya chathu iwo sizikuwakhudza, kwawo ku Zambezi ali ndi chawo, pabolodi amalemba zimene munthu wanena ndi pakamwa pake.

Chabwino. Zikhale. Munthu wongoseka sasisita chiwongolero chonchija. Ndinaona ndi maso angawa.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ba Nyendwa ndawaimbira foni tsiku ndi tsiku. Kucheza kwake! Nthiti zikupweteka. Dzulo amati Abemba tinaphunzira kulima titaona a kum'mawa akupalira. Ine ndinati inu munabwera ku migodi kuno mutapachika mbewa zouma m'khosi ngati mikanda. Anaseka mpaka kutsokomola.

Koma nditafunsa tsiku lodzasaina, akuti, "Tsiku limene Mbemba adzasiye bodza."

Ndinaseka. Nditadula foni ndinakhala kaye. Pamenepa avomera kapena akana? Kwa kasitomala wina aliyense ndikanafunsa mwachindunji. Kwa mbuya ukafunsa nkhope ili gwa, wagonja ndiwe.

Loweruka ndipita konko. Ya basi ndichotsa pa ya ndiwo.

Loweruka, 14 Okutobala

Mpongwe. Kudzera ku Luanshya, minibasi yodzaza thothotho, kenaka njinga yamoto mpaka pafamu. Wigi yanga yafiira ndi fumbi.

Koma munda, mayo ine! Diso silifika kumapeto. Dothi lofiira, lonona. Ba Nyendwa anapuma ntchito ku mgodi, ndalama zonse za penshoni anathira m'menemu. Thirakitala yawo yakale inafa kalekale, ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zimaikiramo mazira. Chaka chilichonse amachita kubwereka ya mnansi wawo, ba Lwando, ndipo imabwera mwini wake akamaliza kwake. Amadzala mochedwa anzawo chimanga chili m'mawondo. Ponena zimenezi sanaseke. Ndinati m'mtima, apa ndiye pogwira.

Nditangovula nsapato kuti ndikutumule fumbi, anazilanda, akuti Mbemba azolowere kuyenda chapansi ngati makolo ake. Ine ndinathamangitsa tambala wawo wamkulu mpaka kumugwira, ndati uyu ndi wanga. Antchito awo kugubuduka ndi phwete. Nsapato anabweza, tambala sindinabweze. Ali m'bafa kwathu kuno, akulira.

Akazi awo, bana Taonga, ndiye kuti amake Taonga, ndi munthu wofatsa. Anandiitanira kukhitchini, kundipatsa munkoyo wozizira bwino. Ndikumwa anati, "Mwana wanga, soya wa chaka chatha anatigwetsa. Bambowa nthabwala amazikonda kuposa chakudya. Usamatole zonse."

Ndinawagwira dzanja, ndati amayi musade nkhawa, soya anakugwetsani chifukwa chodzala mochedwa, thirakitala ndiye mankhwala ake. Ndinalankhula bwino kwabasi, mzungu uja akanandimva akanandipatsa satifiketi. Iwo anangoti, "Wamva kukoma munkoyo?"

Ayi woyamba ameneyo. Akungofuna chifukwa china.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ba Sakuwaha m'mawa uno, chala pabolodi: "Awiri aja ali kuti?"

Ndapita ku banki imene timagwira nayo ntchito. Mayi wa zangongole akuti awiri n'zosatheka, koma imodzi angawapatse, bola aike chikalata cha famu ngati chikole. Imodzi ikundikwanira! Imodzi ndiyo ntchito yanga, ndiyo galimoto.

Nzeru yandibwerera ndili m'bafa, tambala uja akundiyang'ana. Chionetsero! Titengere thirakitala ku famu kwawo, tilime ndime anthu akuona. Tiitane alimi onse a kufupi, ndi ba Lwando omwe. Munthu ngati ba Nyendwa pagulu sangalole Mbemba amuposere pakamwa.

Bwana avomera. Loweruka pa 28. Mafuta a lole yonyamulira ndi ambiri, ndiye anandichenjeza kuti, "Ikabwerera thirakitala imeneyi, iwe upitirire nayo mpaka kwanu."

Ba Nyendwa nawonso avomera pafoni. Akuti bweretsa, undilimire ulere, ukapolo wa Abemba unayamba kale.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Tchuthi cha ufulu. Anthu ku bwalo la masewero, ine kwa telala. Diresi la chitenje chofiira, lofanana ndi thirakitala. Landikhala, ngakhale ndinene ndekha.

Amayi auza kale Chimwemwe yonse za galimoto. Bana Mwila a nyumba yoyandikana nayo abwera kudzapempheratu kuti ndidzawanyamulire makala. Amayi asankha kale duku lodzavala pa ulendo wa ku Mporokoso. Ndimafuna kuwauza kuti adikire kaye, koma mmene amamwetuliramo!

Ndagula kapaketi ka ufa woyera. Kali m'chikwama, pamodzi ndi mapepala a banki.

Lachinayi, 26 Okutobala

Ba Nyendwa aimba okha lero, koyamba. Mawu otsika. "Mbuya, za Loweruka zija, ndimati tikambirane pang'ono..."

Sindinadikire. Ndati mwayamba kale kunjenjemera? Musaope, thirakitala siluma, si mbewa. Anaseka. Akuti iwe mwana ndiwe mfiti. Tinacheza zina, foni n'kuduka.

Sanamalize zimene amafuna kunena. Mwina za chakudya cha alendo. Ndawatumizira uthenga kuti zakumwa ndi mabanzi kampani ibweretsa.

Tulo sitikubwera masiku ano, koma si mantha. Thupi lonse likungoyabwa kufuna Loweruka.

Loweruka, 28 Okutobala

YAGULIDWA! Yagulidwa, yagulidwa, yagulidwa!

Ndilembe bwinobwino, ndisadzaiwale.

Tinafika dzuwa lisanakwere, lole patsogolo, ine ndi ba Sakuwaha ndi mayi wa ku banki pambuyo. Anthu anali atadzaza kale pansi pa mitengo. Alimi ndi akazi awo, a mpingo wa ba Nyendwa, ba Lwando ndi chipewa chawo cha chikopa atakhala pampando wa kutsogolo. Ambiri mwa iwo Abemba ndi Alamba, anthu anga.

Dalaivala wathu anatsitsa makasu. Dothi kumangotembenuka ngati chigumu! Kanthawi kochepa, ndime imene antchito amatha sabata yatha. Azimayi nthungululu. Kenaka tinawakweza ba Nyendwa. Anayenda mzere umodzi, wokhota ngati njoka, koma anatsika akuwala nkhope.

Nditawayandikira ndi mapepala anandinong'oneza kuti, "Mbuya, tikambirane kuseri." Kuseri? Anthu onsewa ndawaitanira chiyani? Ndinadziwa kuti kuseri kuli ayi wachiwiri.

Ndinapisa dzanja m'chikwama. Ufa uja waa, kumutu! Chipewa, nsidze, malaya a tchalitchi, mbuu. Gulu linaphulika. Ndinakwera pa tayala la thirakitala n'kufuula kuti onani mbuya wanga, anabwera ku Kitwe kudzatiopseza kuti agula awiri, lero imodzi yokha akuti tikambirane kuseri! Ndati a kum'mawa chawo n'kukumba mauna, zitsulo zazikulu zimawachititsa chizungulire. Ndati ba Lwando, musataye kasitomala wanu, chaka chino abweranso kudzagwada pakhomo panu.

Ba Lwando anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti, "Ndiwasungira malo pamzere, mukwai!"

Wopakidwa ufa amayenera kudziombola, aliyense amadziwa. Ena amaponya kandalama m'mbale. Anthu anayamba kuimba m'manja kuti dziomboleni, dziomboleni. Ba Nyendwa anaima pakati, oyera ngati mzukwa, akuseka nawo. Anayang'ana ba Lwando. Anayang'ana gulu. Kenaka mokweza: "Bweretsa pepalalo! Mbemba asadzanene kuti anandiposa pakhomo panga!"

Mayi wa ku banki anayala mapepala pa boneti. Ine kumatsegula masamba msangamsanga, apa, apa, ndi apa. Ba Nyendwa anatuma munthu kukatenga chikalata cha famu m'nyumba. Chinachedwa kubwera, mpaka anapita okha. Posaina, ufa umagwera papepala, mayi uja kumauzira.

Ba Sakuwaha anandifinya phewa, akuti zaka zonse agwira ntchitoyi sanaonepo zotere. Alimi ena atatu atenga nambala yanga.

Bana Taonga sindinawaone potsanzika. Akuti mutu umawapweteka, anakagona. Dzuwa lake linalidi loopsa.

Mawu andithera, pakhosi pakuwawa. Diresi lonse ufa. Sindichapa lero, ndikufuna ndiliyang'ane kaye.

Lachiwiri, 31 Okutobala

Kalata yonditsimikiza pantchito. Makiyi! Ba Sakuwaha anandipatsira pamsonkhano, anthu onse ataimirira. Akuti kuyambira lero ophunzira atsopano aziyenda ndi ine aone mmene munthu wobadwira ntchitoyi amachitira. Wobadwira ntchitoyi! Ndinalira, sindibisa.

Nchimunya anandigwira chanza. "Zabwino zonse," basi. Ndinamufunsa ngati akanatha kuchita zimene ndinachita ine. Anati ayi, sakanatha. Nsanje kapena ulemu, kaya, nkhope yake siwerengeka.

Ndalowa m'Chimwemwe pang'onopang'ono, hutala njira yonse. Ana kuthamangira pambuyo. Amayi anavina pamsewu ndi chitenje chakukhitchini, kenaka anakhala kutsogolo n'kukana kutsika. Tazungulira mpaka kutchalitchi ndi kubwerera. Tambala uja tamudya lero.

Komishoni ituluka pakati pa mwezi. Malata atsopano a nyumba, foni, nsapato za amayi. Ndikufunanso ndiphunzire za makina a mumgodi, kumeneko ndiye kuli ndalama zoopsa. Chaka chamawa Riverside, bwanji osatero?

Ndawaimbira ba Nyendwa kuti ndiwauze. Sanayankhe. Ali kumunda ndithu, ndi chidole chawo chatsopano.

Lachinayi, 9 Novembala

Mvula sinagwebe. Kumwamba mbee.

Ba Nyendwa aimba m'mawa uno, ndili pa desiki langa latsopano. Nditaona dzina ndinayamba kale kuseka. Ndati, mbuya wanga wa mbewa, mwaigwetsera kale m'dzenje?

Iwo anangoti, "Mwauka bwanji, ba Kasonde."

Ba Kasonde. Chidziwirane sananditchulepo choncho.

Amafunsa tsiku lenileni loyamba kubweza ku banki. Ndinawauza. Anati zikomo. Kenaka anafunsa, mwaulemu ngati akulankhula ndi wa ku boma, kuti munthu akalephera kubweza, a banki amayamba kutenga chiyani, thirakitala kapena munda. Akuti akazi awo ndi amene akufuna kudziwa, iwo tsiku lija sanawerenge bwino, m'maso munali ufa.

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

Yankho ndikulidziwa. Lili pa tsamba lachitatu, limodzi mwa amene ndinkatsegula msangamsanga. Sindinawauze. Ine. Ndinangoti ndifunsa kaye, mukwai. Anati, "Chabwino, ba Kasonde, musavutike," n'kudula.

Ndakhala pano sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Tiyi wazizira.

Ba Sakuwaha asuzumira pakhomo pompano, akumwetulira. Akuti kwalowa mlimi wina, ba Daka, kwawo ku Katete, wa kum'mawa winanso, akuyang'ana yofiira inayo. "Wako uyu, Lombe. Kamuseketse."

Ndati ndikubwera. Akundidikira. Ndikumumva bamboyo akuseka kale ndi alonda panja, mawu aakulu, osangalala, ndipo ine ndidakali pampando.